KHUNGU LA MUNTHU SI COBVALA CA SEWERO

Wolemba Mtolankhani Wathu

MPANSHYA — Caka ciri conse, tsiku la ufulu la 24 Okutobala likamayandikira, ndiponso pa nthawi yotsekera sukulu ndi ya Khirisimasi, ana a m'midzi ya Mfumu Mpanshya m'boma la Rufunsa amakonzekera masewero monga acitira anzao m'dziko lonse la Zambia. Mphunzitsi amagawa mbali: uyu akhale Bwana D.C. wa masiku a atsamunda, uyu mesenjala wake, uyu mngelo, uyu Satana. Pamenepo pamabuka funso lakuti, kodi oonerera adzamzindikira bwanji Mzungu pakati pa ana akuda okhaokha? Njira yacidule imene ambiri aidziwa ndiyo kutapa ufa m'licero kapena kupera coko ndi kumpaka mwanayo kumaso. Wosewera Satana kapena mbala amampaka mwaye wa pa mphika kufikira atada bii.

Masiku ano funso lomweli labweranso ndi njira yina, ndiyo ya mafoni a m'manja. Anyamata ndi atsikana akuona zithunzi za anzao a m'mizinda ndi a kutsidya la nyanja atabvala monga anthu a m'mafilimu, ena a iwo atasintha ndi mtundu wa khungu lomwe. Mwana akapempha ndalama ya zodzola kuti ayere kapena ade cifukwa ca sewero, kholo liyankhe ciani? Nkhani imeneyi yautsa mikangano yaikulu m'maiko ena, ndipo ndi kwabwino kuti nafenso tiilingalire tisanakhumudwitse mnansi wathu mosadziwa. Mfundo yake ndi yaifupi: cobvala ca munthu wina tingabwereke, koma khungu lake tilisiye.

MASEWERA OCHEDWA COSPLAY

Liu lakuti cosplay linapangidwa ku Japan polumikiza mau awiri a Cingerezi otanthauza cobvala ndi sewero. Mlembi wina wa kumeneko, Nobuyuki Takahashi, ndiye analilemba m'magazini m'caka ca 1983. Mcitidwe wake ndi wakale kuposa dzinalo, pakuti pa msonkhano wa okonda nthano za sayansi umene unacitika ku New York m'caka ca 1939, anthu awiri anafika atabvala monga anthu a m'nthano zotere. Wocita cosplay amasankha munthu wa m'nthano imene aikonda, kaya ndi ya m'buku la zithunzi, ya m'filimu kapena ya m'masewera a pa kompyuta, nasoka zobvala zake, nasema zida zake, nakonza tsitsi monga lake. Pa tsiku la msonkhano onse amaonetsa nchito ya manja ao, ndipo wopambana amalandira mphotho. Msonkhano waukulu wotere wa kuno kum'mwera kwa Africa, wochedwa Comic Con Africa, unayamba m'mwezi wa Sepitembala 2018 ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg.

Palibe coipa m'masewera amenewa. Amaphunzitsa kusoka, kusema ndi kuleza mtima. Pobvuta ndi pa khungu. M'mwezi wa Okutobala 2019 mtsikana wina wacizungu, amene anapambana anzake onse m'dziko la France, anayenera kukapikisana ndi a ku Ulaya konse pa mpikisano wa EuroCosplay mu mzinda wa London. Iye anasankha kufanizira Pyke, munthu wakuda wa m'masewera a pa kompyuta ochedwa League of Legends, ndipo anaumba cigoba ca khungu lakuda cophimba nkhope ndi thupi lake. Anthu ambiri anadandaula, ndipo eni mpikisano anamletsa kulowa m'bwalo ndi cobvalaco. Mtsikanayo anati sanafune kunyoza munthu ali yense, koma anacita zimenezo cifukwa cokonda Pyke. Ambiri anamumvera cisoni poona nchito yaikulu imene anaigwira. Nanga ngati mtima wake unali wabwino, cinalakwika nciani? Yankho liri m'mbiri ya zaka pafupifupi 200.

KUMENE CILONDA CINAYAMBIRA

Ca m'ma 1830, ukapolo ukali kucitika ku America, Mzungu wina wa zisudzo dzina lake Thomas D. Rice anayamba kupsereza zotsekera mabotolo ndi kudzipaka makala ake kumaso. Anali kubvala nsanza ndi kubvina motsimphina, akumadzicha Jim Crow. Azungu anzake anaseka nalipira ndalama, ndipo posacedwa magulu ambiri otere anabuka. Anali kudzilemba milomo yaikulu, kutuzula maso ndi kulankhula Cingerezi copotoka, kuti aonetse munthu wakuda ngati waulesi, wamantha, wopusa ndi wokondwa ndi ukapolo wake. Mcitidwe umenewu ndiwo uchedwa blackface. Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo nakhala mtsogoleri wa anthu akuda, anaudzudzula m'nyuzipepala yake m'caka ca 1848, nanena kuti anthu amenewa aba khungu limene sanabadwe nalo kuti apezerepo ndalama.

Kuseka kumeneku kunabala zipatso zowawa. Anthu amene anazolowera kuona munthu wakuda ngati coseketsa sanabvutike mtima pomkaniza sukulu, voti ndi mpando m'sitima. Malamulo a tsankho a kum'mwera kwa America anachedwa ndi dzina lomwelo la Jim Crow, ndipo anathetsedwa m'zaka za 1964 ndi 1965, nthawi imene ife tinali kulandira ufulu wathu.

Mcitidwewu unaoloka nyanja. Gulu lochedwa Christy's Minstrels linafika ku Cape Town m'caka ca 1862. Ku Britain wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa The Black and White Minstrel Show kuyambira 1958 kufikira 1978, ngakhale kuti cikalata ca dandaulo cinaperekedwa kale m'caka ca 1967. Ku Netherlands, pa cikondwerero ca ana ca kumapeto kwa caka, Azungu anazolowera kudzipaka utoto wakuda pofanizira mthandizi wa Sinterklaas wochedwa Zwarte Piet. Pambuyo pa mkangano wa zaka zambiri, mwambo waukulu woonetsedwa pa wailesi ya kanema unaleka nkhope zakuda m'caka ca 2019. M'mwezi wa Febuluwale 2018 wailesi ya kanema ya boma la China inaonetsa sewero lotamanda njanji imene Achaina anamanga ku Kenya, m'mene mai wa Cichaina anadetsedwa nkhope naikidwa matako oonjezera kuti akhale mai wa ku Africa, ndipo anthu ambiri a ku Africa anakwiya. M'mwezi wa Juni 2020 kampani ya Showmax inacotsa mafilimu ena a Leon Schuster wa ku South Africa cifukwa ca cizolowezi cake codzisandutsa munthu wakuda.

Cotero munthu wakuda wa ku London akaona nkhope yopakidwa, amakumbuka mzera wonse umenewu, ndipo luso la wopakayo silingaufafanize. Wopaka madzulo amasamba nabwerera ku khungu lake. Mwini khungu amagona nalo, nadzuka nalo, napita nalo kukafuna nchito.

Ena amati cacikulu ndi colinga ca mumtima, ndipo munthu wopanda njiru asaimbidwe mlandu. Colinga ciri ndi malo ake, pakuti wolakwa mosadziwa sitimlanga monga wolakwira dala. Koma pa mudzi tidziwa kuti woponda mnzake pa cilonda mumdima amapepesa ndi kucotsa phazi. Sayamba kutsutsa kuti cilondaco ndi cabodza, kapena kuti mwini wake akulira mopitiriza.

IFENSO TIDZIWA MTENGO WA KHUNGU

Akuluakulu a ku Mpanshya amene anapita ku Lusaka kapena ku migodi masiku a Northern Rhodesia safuna kuuzidwa ndi munthu za nkhani imeneyi. Masitolo ambiri a Azungu sanali kulola munthu wakuda kulowa pakhomo. Anali kugulira pa kazenera ka kumbali, ataima pa dzuwa. Ku mabuchala anali kumpatsa nyama yokulungidwa kale imene sanaisankhe. Ndico cifukwa cake m'caka ca 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Mwaanga Nkumbula, cinauza anthu kuleka kugula m'mabuchala a mu Lusaka. Ku migodi nchito za malipiro abwino zinasungidwira a khungu loyera. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'nyumba zodyera ndi za kanema linadza mocedwa, m'caka ca 1960.

Lero Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino liletsa kusankha munthu cifukwa ca mtundu wake, fuko lake, kumene acokera kapena maonekedwe a khungu lake. Gawo 70 la malamulo a milandu liti ndi mlandu kulankhula kapena kulemba mau oonetsa cidani, citonzo kapena mnyozo kwa anthu pa zifukwa zomwezo. Malamulo amenewa sanena za ufa ndi mwaye wa m'sewero la ana, koma colinga cao ndi comveka: khungu la munthu lisadzakhalenso cinthu comnyozera m'dziko lino. Cimene malamulo sanacichule, mwambo wa pa mudzi ucisunge.

NANGA MAKOLO ATHU SANALI KUDZIPAKA?

Wina adzafunsa kuti, kodi kudzipaka si mwambo wathu wakale? Zoonadi ndi mwambo wathu. Namwali wa Cicewa potuluka m'cinamwali amalembedwa madontho m'thupi, ndipo cingondo ca pamutu pake cimakongoletsedwa ndi utoto woyera, wofiira ndi wakuda. Munthu akapambana mlandu ku khoti, abale ake amamthira ufa kapena paudala kumutu. Zilombo zina za gule wamkulu zimatuluka thupi lonse liri mbuu ndi phulusa kapena dothi. Koma tiyeni tione cimene utoto umenewu unena. Ufa wa wopambana mlandu unena kuti munthuyu wayera, alibe cifukwa. Madontho a namwali anena kuti wakula ndipo walangizidwa. Dothi la cilombo linena kuti cimene cafika pabwalo cacokera kwa mizimu. Palibe ndi cimodzi comwe mwa izi cimene cinena kuti wopakidwayo wasanduka munthu wa mtundu wakutiwakuti.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kucibvomera poyera. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza m'caka ca 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, ndipo amaoneka m'mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, ali ndi zilombo zofanizira alendo. Simoni ali ndi nkhope yofiira ngati ya Mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya ali ndi nkhope yosalala yofiirira ndi dzina la ku mishoni. Ku nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ku Mua, m'boma la Dedza ku Malawi, kumene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400, kuli zina zofanizira Azungu, Amwenye ndi alendo ena. Kodi pamenepa sitinacite comwe tikudzudzulaco?

Kusiyana kulipo, ndipo ndi kwakukulu. Zilombo zimenezi zinabadwa pa nthawi imene mwini mudzi analibe mau pamaso pa bwanamkubwa, wamsonkho ndi mmishonale wofuna kuthetsa gule. Kuseka pabwalo ndico cinali cida ca wofooka. Palibe Mzungu amene anakanizidwa sukulu, munda kapena nchito cifukwa ca Simoni, pamene dzina la Jim Crow linasanduka lamulo. Ndiponso cilombo ciri ndi eni ake, nthawi yake, nyimbo yake ndi mwambi umene ciphunzitsa, ndipo kawirikawiri odzudzulidwa ndife eni mudzi tikayamba kutengera makhalidwe acilendo mosaganiza. Mwana wodzipaka ufa kuti anzake aseke pa Facebook alibe ndi cimodzi comwe ca zimenezi. Gule timsiyire eni ake a kudambwe, asakhale pobisalira masewera ena.

Koma tisadzinamize kuti popeza ndife akuda sitingalakwire munthu. Mpanshya ali pafupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo pa cipatala ca mishoni ca St Luke's pakhala pakugwira nchito anthu ocokera ku maiko akutali. M'matauni athu muli Amwenye obadwira mom'muno, muli ana a makolo a mitundu iwiri, muli Achaina. Tsiku la sewero ena a iwo angakhale pa benchi la kutsogolo monga alendo olemekezeka. Mwana akatuluka atapakidwa ufa, kapena atakoka zikope kuti maso acepe, khamu lidzaseka, ndipo mlendo nayenso adzamwetulira mwa ulemu. Koma cimene ana adzaphunzira tsiku limenelo ndi cakuti thupi la munthu wosiyana nao ndi nthabwala.

PHUNZIRO LA MGANDA NDI KALELA

Makolo athu anaidziwa kale njira yofanizira mlendo popanda kukhudza khungu. Itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna amene anabwerako ku usilikali wa King's African Rifles ndi ku utengatenga anafalitsa magule otsanzira perete wa asilikali: malipenga kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndi mganda umene ubvinidwa kufikira lero ku Lundazi ndi m'cigawo ca pakati ca Malawi. Obvina amabvala makabudula ndi malaya oyera ositidwa bwino, masokosi aatali ndi nsapato, naima m'mizere, naliza zikho m'malo mwa malipenga a mkuwa. Ali ndi maudindo ao monga a gulu la nkhondo. Yense woonerera amadziwa amene akufaniziridwa, koma nkhope za obvina ziri monga anabadwira.

Ku migodi kunali kalela. J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute, amene anaonerera gule ameneyu ku Luanshya natulutsa kabuku kake m'caka ca 1956, anafotokoza za anyamata a Cibisa obvala mathalauzi ositidwa ndi nsapato zopukutidwa. Pakati pao panali kingi wobvala suti ndi cipewa, dokotala wa mkanjo woyera wokhala ndi mtanda wofiira, ndi namwino wonyamula kalirole ndi kansalu kuti obvina azioneka audongo. Ambiri a iwo anali anchito wamba a m'komboni ofanizira mabwana a m'tauni. Zobvala, kayendedwe ndi udindo zinakwanira.

Apa ndi pamene pali nzeru yothandiza mphunzitsi wa lero. Bwana D.C. amadziwika ndi cisoti cake colimba ca dzuwa, kabudula wa khaki, masokosi ofika m'maondo, kandodo m'khwapa, buku la msonkho, ndi mesenjala woyenda pambuyo pake atasenza mpando. Mwana wobvala zotere akangoti tulukiru, agogo onse adzamzindikira asanatsegule pakamwa. Ufa suonjezerapo kanthu koma phwete lacabe, ndipo umacotsa maso a anthu pa cimene sewero lifuna kuphunzitsa, ndizo nkhanza za msonkho ndi cibalo. Cimene makolo athu anadana naco mwa D.C. ndi ulamuliro wake. Khungu lake silinamange munthu.

MNANSI AMENE TIMAMUIWALA

Pali anthu ena pakati pathu amene ufa wa m'sewero umawalasa koposa onse, ndiwo abale athu acialubino. Kalembera wa 2010 anapeza anthu otere oposa 25,000 m'Zambia. Cialubino ndi cibadwa: thupi silipanga mokwanira utoto wochedwa melanin, umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso ndi kuchinjiriza munthu ku dzuwa. Mwana amabadwa cotero pamene atate ndi amai onse awiri ali ndi mbeu yake m'magazi, ngakhale iwo eni ali akuda. Si temberero, si matsenga, ndipo sicipatsirana. Anthu amenewa amabvutika ndi maso, amapsa ndi dzuwa kufikira ena kudwala khansa ya pakhungu. M'dziko lino, ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Tanzania ena abvulazidwa ndi kuphedwa ndi anthu okhulupirira bodza lakuti ziwalo zao zimalemeretsa. Ndico cifukwa cake bungwe la United Nations linapatula tsiku la 13 Juni kukhala lokumbukira anthu acialubino, kuyambira m'caka ca 2015.

Tsono taganizani za mwana wacialubino wa Giredi 4 amene wakhala pakati pa anzake, ndipo pabwalo patuluka wina wopakidwa coko mbuu, khamu lonse nkufa nako kuseka. Sewero linena za Mzungu, koma maso a ana atembenukira kwa iye. Mawa pa njira ya ku sukulu maina aja acipongwe, monga cidangwaleza, adzamveka kwambiri kuposa dzulo. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe; ndipo mwana wotere angabadwe m'nyumba iri yonse.

Opanga mafilimu a kwathu kuno anaonetsa njira yabwino. Filimu ya Can You See Us?, yotsogozedwa ndi Kenny Mumba, imene inatuluka m'caka ca 2022 nifika pa Netflix m'caka ca 2023, inatengera moyo wa woimba John Chiti, amene anakanidwa ndi atate wake cifukwa cobadwa mwalubino. Eni filimu sanatenge mwana wakuda ndi kumpaka zoyera. Anafunafuna mwana wacialubino weniweni, ndipo anthu a maiko ambiri anaona luso lake. Kumeneko ndiko kulemekeza mwini nkhani.

MNGELO WOYERA NDI SATANA WAKUDA

Masewero a ku chalichi nawonso afunika kuwayang'anitsitsa. Mwana amene caka ndi caka aona mngelo atapakidwa zoyera ndi Satana atapakidwa mwaye amaphunzira phunziro limene palibe anafuna kumphunzitsa, lakuti kuyera khungu ndi ubwino ndipo kuda ndi ucimo. Akakula tisadabwe pomuona akugula mafuta oyeretsa khungu. Acikulire akumbuka Ambi wa m'ma 1970, ndi nkhope zofiira pa makosi akuda. Mafuta ambiri otere ali ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu ochedwa steroid. Amapyapyalitsa khungu, amasiya zipsera zakuda zosacoka, ndipo mercury imaononga impso. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzola m'caka ca 1990, ndipo la Rwanda linayamba kulanda mafuta otere m'masitolo m'caka ca 2018. Sewero la mphindi 20 silingakhale gwero lokha la bvuto limeneli, koma limathirira mbeu yake. Mngelo apatsidwe mkanjo woyera ndi mapiko a mapepala. Satana apatsidwe nyanga, mcira ndi nsanza zofiira. Onse awiri aime pabwalo ndi nkhope zimene anabadwa nazo.

ZOYENERA KUCITA

Kholo kapena mphunzitsi asanalole utoto pa nkhope ya mwana, adzifunse mafunso atatu.

Loyamba: kodi mtundu umenewu ndi wa anthu amoyo? Mwana wofuna kukhala nyalugwe alembedwe mawanga, wofuna kukhala mbidzi alembedwe mizere, wofuna kukhala Hulk wa m'mafilimu apakidwe zobiriwira, pakuti palibe fuko la anthu obiriwira limene lidzapwetekedwa mtima. Koma ngati utoto ufanizira Mzungu, Mmwenye, Mchaina, mwalubino, kapena munthu wakuda kuposa ife, ulekeni.

Laciwiri: kodi mwini khungulo atakhala pa mpando wa kutsogolo, tingacite sewero limeneli osagwetsa nkhope? Ngati tikhumba kuti asabwere, ndiye kuti mtima watiuza kale.

Lacitatu: kodi popanda utoto munthuyo sangadziwike? Spider-Man amadziwika ndi kangaude wa pa cifuwa, Superman ndi cilembo S ndi nsalu yofiira ya kumsana, wapolisi ndi yunifomu yake. Mtsikana wa ku Mpanshya ali ndi ufulu wonse wobvala monga mfumukazi ya m'nthano za ku Japan kapena za ku Ulaya ali ndi khungu lake lakuda, ndipo womuuza kuti ayambe wayera ndiye wolakwa. Cimodzimodzi mwana wa Mzungu wokonda Black Panther abvale cobvala ca ngwaziyo, nkhope aisiye.

Kumbukiraninso thanzi la mwana. Polishi wa nsapato, penti wa nyumba, inki, laimu ndi ufa wakuda wa m'mabatire akutha sizinapangidwire khungu la munthu. Penti wina ali ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana, laimu amaocha, ndipo zonsezi zikalowa m'maso zingabvulaze. Ngati mufuna mawanga a nyalugwe, gulani utoto wopangidwira nkhope, muuyese pa dzanja tsiku la sewero lisanafike, ndipo musambitse mwana akangomaliza. Maso akafiira kapena khungu likatupa, tsukani ndi madzi ambiri ndi kupita naye ku cipatala.

Masewero apitirire, pakuti ndiwo aphunzitsa ana mbiri ya dziko lao ndi kulimba mtima pamaso pa anthu. Ana asoke, aseme, abvine, ndipo wa luso apite nalo mpaka ku mipikisano ya m'mizinda. Copempha cathu kwa makomiti a makolo ndi aphunzitsi, anyakwawa ndi akulu a mipingo ndi cakuti akambirane nkhani imeneyi mbali za sewero zisanagawidwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mubwerekeni mwana cisoti ca agogo, jekete la amalume ndi citenje ca amai. Ufa ukhale wa nsima, ndipo mwaye utsale pa mphika.